Ndalama zikabwera, ziyambe zagona

Ine ntchito yanga ndi kuyenda khomo ndi khomo kukamba za umoyo. Lero ndikamba za ndalama, chifukwa matenda ambiri amakula pamene m'nyumba mulibe ya transipoti.

Kuno ndalama imabwera kamodzi. Timagulitsa chimanga, nandolo kapena fodya kuyambira Meyi, ndipo m'thumba mumalemera. Koma malungo, kutsekula m'mimba ndi njala zimavuta mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama ija itatha kale. Chaka chatha ndinafika pa khomo lina usiku, mwana atatentha thupi mpaka kukomoka. Bambo ake anali atagulitsa matumba onse mu Juni nkugula foni yatsopano ndi sipika yaikulu. Ya njinga yamoto inasowa. Anakatenga katapila, ndipo mpaka pano akubwezabe. Mwanayo anachira, koma tinachedwa maola atatu.

Nchifukwa chiyani timachita changu? Ndalama ikakhala m'manja, mtima umathamanga kuposa mutu. Wogulitsa amadziwa zimenezi, nchifukwa chake amati "lero lokha" kapena "yatsala imodzi". Tsono yesani izi.

Choyamba, chinthu chachikulu musagule tsiku lomwe mwachiona. Gonani masiku atatu, mukambirane ndi amuna anu kapena akazi anu. Ngati pa tsiku lachitatu chikufunikabe, gulani.

Chachiwiri, gawani ndalama tsiku lomwe yafika. Gawo la chakudya mpaka kukolola kwina, gawo la mbewu ndi feteleza, gawo la ana a sukulu, ndi gawo la matenda. La matendali musalikhudze. Likwane kupita ku chipatala chapafupi, ndiponso ulendo wa pa msewu wa N7 ngati wodwala atumizidwa ku Moatize kapena ku Tete. Kumbukirani madzi a mphepo ya Ana mu Januwale 2022, pamene Revúbuè unasefukira. Tsoka silinena tsiku lobwera.

Chachitatu, samalani ndi munthu wolonjeza kuti 1,000 meticais yanu ibala 2,000 pa sabata imodzi. Mufunseni kuti phindulo lichokera kuti. Ngati yankho ndi lakuti mubweretse anzanu ena, dziwani kuti oyamba amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo omaliza amatsala manja ali mbee. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kubetcha mpira pa foni nakonso si bizinesi. Ndipo nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh musauze munthu, ngakhale aimbe foni kunena kuti ndi wa ku kampani.

Chachinayi, ife a m'malire timagwira ndalama ziwiri. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga makwacha ambiri m'nyumba anadzuka atasauka osaba munthu. Musanasinthe ndalama kapena kukapikula katundu ku Mwanza, funsani mtengo kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo musaike zonse mbali imodzi.

Kusunga sikufuna munthu wolemera. Lowani xitique kapena gulu la poupança la anthu amene mumawadziwa, lokhala ndi buku, ndipo ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse. Ngakhale 50 meticais pa sabata, pa chaka imakwana 2,600. Mbuzi imodzi kapena matumba awiri osiyidwa m'nkhokwe ndi kusunganso.

Ngongole ikakusowetsani tulo, musabise. Uzani wa m'banja, mtsogoleri wa gulu, kapena ife tikafika pa khomo panu.