Kukweza galimoto sikukweza diferensiyali

Mvula ikalimba m'mwezi wa Januwale, misewu yadothi ya ku Chidzolomondo m'boma la Macanga ndi ya ku Tsangano imakumbika mikwasa yakuya. Eni ma Land Cruiser ndi ma Hilux onyamula kachewere ndi chimanga amathamangira kwa makaniko kuti awakwezere galimoto.

Koma masipulingi aatali amakweza thupi la galimoto lokha. Diferensiyali yakumbuyo, chitsulo chonga mphika chili pakati pa ekiselo, imatsala pomwe inali, ndipo ndiyo imakhula pansi galimoto ikatitimira. Chimene chimaikweza ndi tayala lalikulu, ngakhale pang'ono pokha: kuchoka pa tayala la mainchesi 31 kufika pa 33, diferensiyali imakwera inchesi imodzi, pafupifupi masentimita 2,5. Ntchito ya masipulingi aja ndi kupereka malo kuti tayalalo lisakhule bodi.

Mtengo wake sulipiridwa kwa makaniko kokha. Galimoto imamwa mafuta ambiri, imafooka pachitunda, mabuleki amachedwa kugwira. Wotchi ya liwiro imanamanso: ikaonetsa 80, galimoto ili pafupifupi pa 85.

Choopsa kwambiri chili pamwamba. Galimoto yokwezedwa, yosanjikiza matumba, anthu atakhala pamwamba pake, sichedwa kugubuduzika pokhota kapena pamsewu wopendekeka.

Wofuna kusintha ayambe waona kukula kwa matayala kolembedwa mu livrete, afunsenso ku INATRO ku Tete asanagule, kuti galimoto isadzakanidwe pa inspecção.