ZOYENERA KUDZIWA MUNTHU WOFUNA KUYENDETSA GALIMOTO KU JONI

Caka ndi caka anthu ambiri a ku Malawi amanka ku South Africa kukafuna nchito, ndipo ena mwa iwo amalembedwa udalaivala. Nchitoyi ndi yabwino, koma iri ndi malamulo ace. Mlendo wosadziwa malamulowo angathe kutaya nchito, kumangidwa, kapena kufera pa mseu, ndipo obvutika ndiwo akazi ndi ana amene alikudikira thandizo kumudzi.

LAISENSI YA KWAO

Laisensi yotengedwa ku ofesi ya Road Traffic ku Malawi imaloledwa ku South Africa ngati siinathe masiku, ngati iri yolembedwa m'Cingerezi, ndiponso ngati iri ndi cithunzi ndi saini ya mwini wace. Mwiniyo ayenera kukhala nayo nthawi zonse pamene ali pa ciwongolero, ndipo ayendetse mtundu wokhawo wa galimoto umene unalembedwapo. Wa laisensi ya galimoto yaing'ono saloledwa kugwira lole kapena basi.

Palinso ciphaso cina cochedwa International Driving Permit. Ici cimangomasulira zimene ziri pa laisensi kuti apolisi a maiko ena azimve. Pacokha ciribe mphamvu. Cimatengedwa munthu asananyamuke m'dziko lace.

Munthu akapatsidwa cilolezo cokhala m'dzikomo mpaka kale, laisensi ya kwao imagwira nchito kwa nyengo yoikika yokha. Asinthitse ndi ya komweko nyengoyo isanathe.

WOPANDA LAISENSI

Amene anacoka kwao asanaphunzire kuyendetsa ayamba wafika ku ofesi yoyesa madalaivala ndi pasipoti yace, cilolezo cokhalira m'dzikomo, ndi umboni wa kumene akhala. Popeza alibe citupa ca nzika, amampatsa nambala yochedwa Traffic Register Number, imene idzaimira dzina lace m'mabuku a Boma.

Atampima maso, amalemba mayeso a zizindikiro za pa mseu, malamulo, ndi zida za galimoto. Akakhoza amalandira laisensi yophunzirira, imene imatha pakapita miyezi 24. Pa galimoto yaing'ono wophunzira akhale wa zaka 17 kapena kuposa, ndipo asayendetse yekha popanda munthu wa laisensi pambali pace.

Mayeso aciwiri, ochedwa K53, ndi a anthu amene anakwanitsa zaka 18. Amayambira pa bwalo, pamene munthu amabwerera cambuyo, kuimika galimoto pakati pa mitengo, ndi kunyamuka pa citunda. Galimoto ikabwerera m'mbuyo pa citundapo, walephera basi. Pambuyo pace amalowa mu mseu, ndipo woyesa amapenyetsetsa ngati munthuyo alikuyang'ana pa kalirole ndi kuceuka asanakhote. Khadi la laisensi limakonzedwanso zaka 5 ziri zonse. Wonyamula anthu olipira kapena woyendetsa lole yaikulu afunikanso ciphaso capadera cochedwa PrDP.

Alipo akamberembere amene amanyenga alendo kuti adzawapezera laisensi popanda mayeso. Imeneyo ndi njira ya kundende. Maina a eni malaisensi amasungidwa m'makompyuta a Boma, ndipo wapolisi sacedwa kuzindikira pepala labodza.

PA MSEU

Ku South Africa amayenda ku dzanja lamanzere monga ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, koma magalimoto ndi ocuruka ndiponso aliwiro. Ngati cikwangwani sicinena zina, malire ndi makilomita 60 pa ora m'tauni, 100 kunja kwa tauni, ndi 120 pa miseu ikuluikulu. Mabasi ndi malole ali ndi malire ocepa kuposa apa.

Cimene cimasokoneza alendo ambiri ndi mphambano imene iri ndi cikwangwani ca STOP mbali zonse zinai. Pamenepo ali yense aime, ndipo amene anayamba kufika ndiye ayamba kudutsa. Maloboti akazima, madalaivala amatsata lamulo lomwelo.

Lamba amangidwe, foni isagwiridwe m'manja poyendetsa, ndipo mowa usiyidwe ndithu. Kucokera pa Beitbridge kukafika ku Johannesburg pa mseu wa N1 pali makilomita oposa 500. Dalaivala womva tulo aime pa malo omwetsera mafuta pamene pali anthu ndi magetsi, osati pa chire.

Ngozi ikacitika, dalaivala aime, athandize obvulala, apereke dzina lace ndi keyala yace, ndipo akanene ku polisi asanathe maora 24. Kuthawa kumasandutsa ngozi kukhala mlandu waukulu.

Aphunzitsi ndi mafumu acita bwino kuwerengera nkhani iyi anyamata amene alikukonzeka ulendo. Wofuna kudziwa zambiri afunse ku ofesi ya Road Traffic asananyamuke, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.