Pulogalamu yoyang'anira mafonti ikakana kutseguka, vuto limakhala pati?

M'maofesi momwe amakonza zikalata, malipoti ndi timabuku, pulogalamu yoyang'anira mafonti, kapena kuti mitundu ya zilembo, saikumbukira mpaka tsiku lomwe yakana kutseguka. Tsiku limenelo mafonti omwe imayatsa sapezeka, kompyuta imasankha ena yokha, masamba amasokonekera, ndipo nthawi zina chilembo cha ŵ m'dzina la Malaŵi chimasanduka kabokosi.

Ambiri amathamangira kuchotsa pulogalamuyo ndi kuiikanso. Kawirikawiri izi sizithandiza kaamba koti vuto limakhala m'mafonti omwe ikuyesa kuwerenga. Mapulogalamu monga FontBase ndi NexusFont pa Windows, kapena Font Book pa Mac, amawerenga mafonti akamatseguka, choncho fayilo imodzi yoonongeka ikhoza kuimitsa zonse.

Choyamba ndi kuona mu Task Manager ngati pulogalamuyo yatsalira ikuyenda mobisika. Ikatsekedwa pamenepo, nthawi zina imatseguka bwinobwino.

Zikakanika, maso atembenukire ku cache, kaundula yemwe Windows imasunga kuti isamawerenge fonti iliyonse mobwerezabwereza. Kaundulayu akhoza kuonongeka kompyuta ikazima mwadzidzidzi, monga magetsi akathima. Njira yake ndi kuimitsa Windows Font Cache Service mu Services, kufufuta zomwe zili mu foda ya C:\Windows\ServiceProfiles\LocalService\AppData\Local\FontCache pamodzi ndi fayilo ya FNTCACHE.DAT mu C:\Windows\System32, kenako kuyatsanso kompyuta. Windows imalemba kaundula watsopano yokha ndipo palibe fonti yomwe imatayika. Ntchitoyi imafuna chilolezo cha administrator, motero m'maofesi a boma ndi bwino kuisiyira ogwira ntchito za ICT. Pa Mac, kuyatsa kompyuta mu Safe Mode kumafufuta kaundula wotereyu.

Ngati vutoli likupitirira, oganiziridwa ndi mafonti omwe aikidwa posachedwa, makamaka otengedwa ulere pa intaneti kapena pa flash ya mnzawo. Awa asamutsiridwe ku foda ina, kenako abwezedwe theka nthawi imodzi mpaka woonongekayo atadziwika. Ofufuza ambiri amangoyang'ana mu C:\Windows\Fonts, kuiwala kuti kuyambira mu 2018 Windows 10 inayamba kulola munthu kuika mafonti akeake mu AppData\Local\Microsoft\Windows\Fonts. Mafonti omwe anabwera ndi Windows, monga Segoe UI, asakhudzidwe, chifukwa ndi omwe kompyuta imalembera mauthenga ake.

Palinso mafonti akale a mtundu wa Type 1, omwe mafayilo ake amathera ndi .pfb ndi .pfm. Kampani ya Adobe inasiya kuwalandira m'mapulogalamu ake atsopano mu Januwale 2023, kotero ofesi yomwe ikudalirabe mafonti otere iyenera kupeza a OpenType m'malo mwake.

Kuchotsa ndi kuikanso pulogalamu kubwere pomaliza, ndipo mndandanda wa magulu a mafonti womwe ogwira ntchito anakonza uyambe wasungidwa pena, poti ukhoza kufufutika nawo.

Pulogalamuyo ikatseguka, chikalata chisapite kosindikiza chisanayesedwe. Mu Microsoft Word, kulemba 0175 ndi kudina Alt ndi X pamodzi kumatulutsa ŵ. Times New Roman ndi Arial ali nacho chilembochi, koma mafonti ambiri okongoletsera mitu alibe.