Njira za Mphepo mu Mzinda wa Stuttgart

Lero tili ku Stuttgart, kumwera chakumadzulo kwa Germany, kwawo kwa galimoto za Mercedes-Benz ndi Porsche. Mzindawu unakhala pansi m'chigwa, ndipo zitunda za nkhalango ndi minda ya mpesa zinauzinga pafupifupi mbali zonse. Mphepo imafika kuno itafooka kale. M'nyengo yozizira, mpweya wofunda ukayala pamwamba pa mpweya wozizira wa m'chigwamo, utsi umasowa kothawira, umangoti mbuu masiku angapo. N'chifukwa chake kuyambira 1938 khonsolo ya mzindawu yakhala ndi akatswiri a zanyengo olangiza za kamangidwe, ndipo maganizo awo ndi oyenera kuwamvetsera: mphepo iyenera kusiyiridwa njira yake pomanga mzinda.

Dzuwa likalowa, nthaka ya m'minda ya pazitunda imazizira msanga kuposa phula ndi konkire. Mpweya wozizirawo ndi wolemera, choncho umatsetsereka ngati madzi, kutsata zigwa monga cha kamtsinje ka Nesenbach, n'kukakankha utsi umene waunjikana m'tauni tsiku lonse. Kumanga nyumba yaitali yopingasa pa njira imeneyi n'kutsekereza mpweya wa anthu a kumunsi, choncho malo ena otsetsereka salola kumangapo. Koma ngakhale mphepo ifike, kulowa mumsewu ndi nkhani ina. Katswiri wa nyengo ya m'mizinda T. R. Oke anafotokoza mu 1988 kuti nyumba za mbali zonse ziwiri zikatalika kupitirira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutambasuka kwa msewu, mphepo yodutsa mopingasa imangoyenda pamwamba pa madenga. Mpweya wa mumsewumo umangozungulira: umatsika ndi khoma la tsidya, umabwerera chapansi kudutsa pakati pa galimoto, n'kunyamula utsi wa dizilo kukaukwezera pakhoma la mbali imene mphepo ikuchokera. Anthu awiri oyang'anizana pamsewu umodzi, wina akudikira basi, wina akukankha mwana m'kangolo, akhoza kupuma mpweya wosiyana kwambiri. Ngakhale mitengo, imene tonse timaikonda, nthambi zake zikakumana pamwamba pa msewu wopanikizika zimatha kutsekera utsi pansi.

Ena akhoza kunena kuti mphepo sithetsa utsi, imangousamutsira kwa ena, ndipo akunena zoona. Stuttgart yemweyo ndi umboni. Makina oyeza mpweya a pa Neckartor, pamsewu wodzaza galimoto, kwa zaka zambiri ankaonetsa utsi wopitirira malire a European Union, mpaka mu 2016 mzindawu unayamba kuchenjeza anthu kuti pa masiku oipa asiye galimoto kunyumba, ndipo mu 2019 galimoto zakale za dizilo zinaletsedwa. Utsi uyenera kuchepetsedwa kumene ukuchokera, pamenepo palibe mtsutso. Komabe galimoto imakalamba m'zaka zochepa, ina yabwinoko n'kulowa m'malo, pamene nyumba yoikidwa molakwika imaima mibadwomibadwo, ikutsekera utsi uliwonse umene watsala, pamodzi ndi kutentha kwa usiku wa m'chilimwe.

Chovuta kwambiri kuyankha ndi cha malo. Nyumba ku Stuttgart n'zosowa ndiponso n'zodula, ndipo banja lofuna pogona silingakondwe kumva kuti chitunda chasiyidwira mphepo. Apa tiphunzire ku Hong Kong, kumene kupanikizana kwa anthu n'koopsa. Mliri wa SARS wa 2003 utadutsa, boma linakhazikitsa mu 2006 dongosolo loti ntchito zake zikuluzikulu zomanga ziziyesedwa kaye momwe zidzasinthire kayendedwe ka mphepo. Kumanga nyumba zosanjikizana sanaleke. Chimene omanga amalimbikitsidwa ndi kusiya mipata pakati pa nyumbazo, kutalikitsa ina n'kufupikitsa ina, ndiponso kulozetsa misewu kumene mphepo ya kunyanja imachokera.