Chifukwa chake silinda ya gasi imakhavuka mukaigwedeza

Mukagwedeza silinda ya gasi wophikira imene yangodzazidwa kumene, mumamva zinthu zikukhavuka mkatimo ngati madzi. Komatu tinagula gasi. Fomyula imene ambirife tinaloweza m'kalasi ya fizikisi, PV = nRT, singathe kufotokoza zimenezi ngakhale pang'ono.

Mu fomyulayi P ndi pulesha, kutanthauza mphamvu imene mpweya umakankhira makoma a chotengera chake. V ndi kukula kwa malo, n ndi kuchuluka kwa mpweyawo poyeza m'mamolo, T ndi kutentha, ndipo R ndi nambala yosasintha. Mpweya womvera lamuloli pa Chingerezi amati ideal gas. Ndinamvapo mnzanga wina akumasulira kuti "mpweya wabwino", koma ine ndimakana. Mpweya wabwino ndi uja timapuma m'mawa mvula ikagwa. Uwu ndi mpweya wongoyerekeza, wa m'mutu basi: timayesa kuti mamolekyulu ake satenga malo, komanso sakokana. Ndiye mamolekyulu osakokana angaundane bwanji n'kukhala madzimadzi?

Mu 1873, ku yunivesite ya Leiden m'dziko la Netherlands, Johannes Diderik van der Waals anakonza zinthu ziwirizi m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala. Analemba kuti (P + an²/V²)(V − nb) = nRT. Chilembo b chikuimira malo amene mamolekyuluwo atenga, n'chifukwa chake tikuchotsera ku V. Zili ngati minibasi: malo oti munthu asunthe si kukula kwa galimoto yonse ayi, muyambe mwachotsa pamene pakhala anzanu. Chilembo a ndiye chikuimira kukokana. Molekyulu ikamapita kukagunda khoma, zinzake za m'mbuyo zimaikoka, choncho imagunda mofookerapo, ndipo pulesha imene timayeza imatsika.

Tiyese ndi manambala. Tengani molo imodzi ya carbon dioxide, muiike m'chotengera cha lita imodzi pa 300 K. Fomyula yakale ikupereka pafupifupi 24.9 bar. Pa mpweya umenewu a ndi 3.64 ndipo b ndi 0.0427. Kuchepa kwa malo kukukweza pulesha kufika pa 26.1, koma kukokana kukuchotsapo 3.64, n'kutsala 22.4 bar. Apa kukokana kwapambana. Mukapanikiza kwambiri zedi zimatembenuka, b ndiye amalamula, mpweya n'kumakana kufinyika.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti fomyulayi ili ndi malire a kutentha mkati mwake. Thomas Andrews anali ataonetsa kale mu 1869 kuti carbon dioxide ikatentha kupitirira madigiri 31 a Celsius, singasanduke madzimadzi ngakhale muipanikize chotani. Van der Waals anapereka chifukwa chake, ndipo mu 1910 analandira mphoto ya Nobel.

Si kuti fomyulayi ndi yangwiro. Imanena kuti pamalire pajapo, PV/nRT iyenera kukhala 0.375 pa mpweya uliwonse, pomwe pa carbon dioxide timapeza pafupifupi 0.27. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa injiniya, n'chifukwa chake m'mafakitale a mafuta ndi gasi amakonda fomyula za pambuyo pake, monga ya Peng ndi Robinson ya mu 1976. Koma mukaziyang'anitsitsa mupeza a ndi b akadalimo, angovala zovala zina.

Tibwerere kukhitchini kuja. Propane, imodzi mwa mipweya ya m'gasi wophikira, malire ake ali pafupi ndi madigiri 97. Kukhitchini kwathu sikutentha choncho, ndiye akaipanikiza imasanduka madzimadzi, n'kumakhavuka. Okosijeni malire ake ali cha pa madigiri 118 pansi pa ziro. N'chifukwa chake silinda ya okosijeni ya kuchipatala, ngakhale idzaze bwanji, simungamve kukhavuka mkati mwake.