Erskine May: Mlembi Amene Aphungu Amamufunsabe Mpaka Lero

Mkangano wa kayendetsedwe ka zokambirana ukabuka m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, Sipikala amafunsa alembi okhala patebulo patsogolo pake. Kawirikawiri yankho limachokera m'buku lomwe aliyense amangolitchula kuti "Erskine May". Mwini dzinali sanakhalepo phungu.

Thomas Erskine May anabadwa mu 1815. Mu 1831, ali ndi zaka 16, analembedwa ntchito yothandizira mu laibulale ya House of Commons ku London. Kumeneko ankasanthula mabuku akale a zimene Nyumbayo inagamula, ndipo anaona kuti malamulo oyendetsera zokambirana anali omwazikana: ena m'mabuku, ena m'mitu ya akuluakulu okha. Anawasonkhanitsa, nawalongosola bwino, ndipo mu 1844 buku lake linatuluka.

Sanakwere mothamanga. Anakhala wachiwiri kwa mlembi wamkulu mu 1856, ndipo mpando weniweniwo anaupeza mu 1871, atatumikira zaka 40. Boma la nduna yaikulu Gladstone linkagwa, la nduna yaikulu Disraeli n'kulowa, koma iye ankalangiza mbali zonse mofanana.

Nthawi yovuta inafika mu 1881. Aphungu a ku Ireland ankalankhula mosinthanasinthana kuti bilu yomwe ankadana nayo isadutse, mpaka zokambirana zinatenga maola 41. Sipikala Henry Brand anazidula yekha, zomwe zinali zachilendo. Kuchokera apo Nyumbayo inakhazikitsa lamulo lotsekera mtsutso, ndipo May ndi amene anali mlembi pa nthawi yonse ya kusinthaku.

Anapuma pantchito mu 1886, napatsidwa ulemu wotchedwa Lord Farnborough, koma anamwalira patangopita masiku ochepa. Alembi omulowa m'malo akhala akulikonzanso bukulo, ndipo mu 2019 linatuluka kachi 25, n'kuikidwa pa intaneti kwaulere. Nyumba za malamulo za ku Malawi ndi ku Zambia zinatengera zambiri ku mwambo womwewu.

Ine ndimaona kuti anthu oterewa timawanyalanyaza kwambiri. Phungu amabwera ndi chisankho n'kupita ndi chisankho chotsatira, koma mlembi amatsala, akukumbukira mmene nkhani yofanana inaweruzidwira kale. Mlembi akayamba kukondera chipani, mbali yotsutsa imasowa pothawira. N'chifukwa chake posankha munthu wa udindowu tiziyang'ana luso ndi kusakondera, osati mtundu wa nsalu ya chipani chake.