Kapeti ya m'galimoto yanyowa ku Chikangawa: iuma bwanji?

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Jenda kupita ku Mzuzu amadziwa nyengo ya ku Chikangawa. Pamwamba pa mapiri a Viphya, pakati pa nkhalango ya mitengo ya paini, pamazizira ndipo chifunga chimatha kukuta msewu mpaka dalaivala kuyatsa magetsi masana. Tsono tiyerekeze kuti wina waiwala kutseka windo usiku, mvula yalowa, kapeti ya m'galimoto yanyowa. Ambiri amangotseka zitseko n'kuimika galimotoyo padzuwa. Mawa lake amapeza magalasi ali ndi timadontho mkati, kapeti ikadali chinyowere. Chalakwika n'chiyani?

Chinthu chimauma madzi ake akasanduka nthunzi n'kulowa mumpweya. Koma mpweya uli ngati siponji: uli ndi malire a madzi amene ungamwe, ndipo malirewo amadalira kutentha. Taganizirani bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Mpweya wodzaza bokosi limeneli umanyamula nthunzi yokwana magalamu pafupifupi 9 pa madigiri 10, magalamu 17 pa madigiri 20, ndi magalamu 30 pa madigiri 30.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'galimoto yaing'ono muli mpweya wokwana mabokosi otere pafupifupi atatu. Pa madigiri 20, mpweya wonsewo unganyamule magalamu 51 okha, kapena kuti masipuni akuluakulu atatu ndi pang'ono. Pomwe lita imodzi ya madzi imalemera magalamu 1,000! Ndiye kuti lita imodziyo ichoke, mpweya wa m'galimotomo uyenera kusinthidwa ka 20, ndipo apo n'kuti ukulowa wouma gwa. Mukatseka zonse, mpweya umakhuta msanga. Usiku kukazizira umabweza madzi aja pa magalasi, ena n'kuyenderera kubwerera pansi.

Ku Chikangawa pali vuto lina. Chifunga chimasonyeza kuti mpweya wakunja wakhuta kale, choncho kungotsegula mawindo tsiku lotere sikuthandiza kwenikweni. Apa mpamene hita ya galimoto imagwira ntchito. Mpweya wa chifunga wa madigiri 10 uli ndi magalamu 9, koma mukautenthetsa kufika madigiri 30 umapeza malo a magalamu ena 21. Kutentha kumaupatsa ludzu, ndipo windo lotsegula pang'ono limautulutsa ukamwa. Zonse ziwiri n'zofunika. Ngati galimoto ili ndi AC, iyatseninso: imaziziritsa mpweya mpaka nthunzi kusanduka madzi, aja mumawaona akudontha pansi pa galimoto.

Ocheka matabwa m'nkhalango yomweyi amaidziwa sayansi imeneyi ngakhale popanda buku. Posanja matabwa aawisi amaika timitengo pakati kuti mphepo idutse mbali zonse. Kapeti nayonso imafuna zomwezo. Pansi pake pali chinsalu chokhuthala chotchinga phokoso, chimene chimasunga madzi ambiri ngakhale pamwamba patauma. Choncho yambani ndi kuchotsa mamati onse n'kuwayanika. Kenako pondani kapetiyo ndi matawulo kapena nyuzipepala zakale mpaka zisiye kunyowa, chifukwa madzi amene mwachotsa ndi manja safunanso kudikira mpweya. Pomaliza tukulani m'mphepete mwa kapeti n'kuikapo kamtengo kuti mpweya ulowe kunsi.

Musazengereze. Pamalo onyowa chuku chimatha kuyamba kumera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. N'chimene chimabweretsa fungo lija la chinyontho, ndipo timbewu take timavutitsa anthu a mphumu. Madzi akakhalitsa amadyetsanso dzimbiri chitsulo cha pansi ndi kuwononga mawaya a magetsi odutsa kunsi kwa kapeti.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musaike mbaula ya makala m'galimoto kuti muumitse kapeti, ndipo musalize injini m'galaja yotseka. Zonsezi zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, koma umapha.

Yesani nokha kunyumba. Nyowetsani tinsalu tiwiri tofanana, kena muike m'botolo lotseka, kena muyanike poyera, tonse padzuwa. Pakatha maola atatu, tagwirani tonse tiwiri, kenako yang'anani m'mbali mwa botolo muone komwe madzi aja apita.